Piritsi la buluu ndi kapiritsi ka pansi pa lilime sizikumana

"Adokotala, ndine bambo wa zaka 56, ndimakhala ku Mabvuku ndipo ndimayendetsa lole ya katundu pakati pa Harare ndi Nyamapanda. Chino ndi chaka chachiwiri zinthu zisakuyenda kuchipinda. Chilakolako chilipo, koma chida chimadzuka mofooka, mwinanso chimagona ntchito ili m'kati. Mayi a kunyumba ayamba kundiganizira kuti ndili ndi wina panjira. Ndili ndi shuga ndi BP, ndimamwa metformin, HCT ndi atenolol. Anandipatsanso timapiritsi toika pansi pa lilime chifuwa chikandithina, koma timeneto ndi ta apo ndi apo. Mnzanga wa kuntchito wandigawira mapiritsi anayi a buluu amene anagula kwa anyamata a ku Mbare, alembedwa 100. Iye akuti amamwa awiri nthawi imodzi, kutsitsira mowa. Ine sindinamwebe. Ndimwe lonse kapena theka? Nanga ndikayamba, sindidzakhala kapolo wake? Chonde dzina langa lisatuluke."

Bambo anga, zikomo kwambiri kuti mwalemba musanamwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo inu kufunsaku kwakulewetsani zoposa phula. Mapiritsi anayiwo musamwe, lonse ayi, theka ayi. Chifukwa chake chili m'kalata yanu momwemo, pa mawu amene mwawalemba ngati ongodutsa aja: timapiritsi ta pansi pa lilime. Ndibwererako posachedwa.

Choyamba mtima ukhale pansi. Simunagwe mu mpapaya monga amanyozera anyamata, ndipo palibe amene wakumangani. Pa zaka zimene ndagwira ntchito muno mu Harare, sabata sidutsa osabwera bambo wodandaula za mutu, za msana, za bondo, kenako atagwira kale chitseko n'kutembenuka, "Adokotala, pali kenanso kakang'ono." Kakang'onoko ndiye kamene kanamubweretsa. Kafukufuku wodziwika wa ku Massachusetts ku America, amene anatuluka mu 1994, anapeza kuti mwa abambo 100 alionse a zaka 40 mpaka 70, okwana 52 anali ndi vutoli, ena pang'ono, ena kwambiri. Kwa odwala shuga limabwera msanga kuposa anzawo. Ndiye pa mzere wa malole pa Nyamapanda paja, dziwani kuti amene ali ngati inu ndi ambiri, kungoti aliyense amafera mumtima.

Inu a ku Mabvuku nkhani ya mpopi wongodontha simufunika kuuzidwa. Madzi akachepa mphamvu, kapena paipi ikachita dzimbiri m'kati, nyumba yoyamba kuuma ndi ya paipi yaing'ono. Thupi lili chimodzimodzi. Chida chimadzuka chifukwa mitsempha yake yamasuka, magazi alowa ambiri ndi kutsekeredwa m'menemo. Shuga, BP, fodya ndi mafuta a m'magazi zimawononga khoma la m'kati mwa mitsempha thupi lonse, ndipo shuga amawononganso minyewa yotumiza uthenga. Mitsempha ya ku chida ndi yopyapyala, milimita imodzi kapena ziwiri, pamene ya mtima ndi milimita zitatu kapena zinayi. N'chifukwa chake kufooka kuchipinda kawirikawiri kumatsogola, vuto la mtima n'kubwera patatha zaka zingapo. Ine ndimakutenga ngati mthenga amene mtima wamtumiza. Kwa inu mthengayo anafika kale, ndipo mwini wake wafikanso, poti chifuwa chimakuthinani.

Tsopano za timapiritsi tija. Toika pansi pa lilime nthawi zambiri timakhala glyceryl trinitrate, imene ena amangoti GTN, kapena isosorbide dinitrate. Palinso isosorbide mononitrate ya kumwa tsiku ndi tsiku, ndi ina yopopera m'kamwa. Onsewa ndi a banja limodzi lotchedwa ma nitrate, ndipo ntchito yawo ndi kumasula mitsempha kuti mtima upepukidwe. Piritsi la buluu, limene dzina lake lenileni ndi sildenafil, limamasulanso mitsempha podzera njira yomweyo. Nitrate amachulukitsa kanthu kena m'mitsempha kamene kamaimasula, sildenafil amaletsa thupi kuchotsa kanthuko. Wina akuthira madzi, wina watseka potulukira. Zikakumana m'thupi limodzi, mitsempha yonse imamasuka nthawi imodzi, BP imatsika ngati mwala wogwera m'chitsime. Munthu amachita chizungulire, amatuluka thukuta lozizira, amakomoka, ndipo mtima umene unali kale wosowa magazi umasoweratu. Anthu afa nazo.

Sizodabwitsa kwenikweni, chifukwa sildenafil anayamba ngati mankhwala a mtima. Akatswiri a kampani ya Pfizer ku Sandwich, ku England, ankamuyesa pa vuto la kuthina kwa chifuwa lomweli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pa mtima sanachite bwino monga ankayembekezera, koma abambo amene ankayesedwawo anayamba kunena za phindu lina. Mu Marichi 1998 boma la America linamuvomereza pansi pa dzina lakuti Viagra. Kuyambira tsiku limenelo chenjezo la ma nitrate lalembedwa pa pepala la m'bokosi lake, kungoti anyamata a pamsika sagulitsa ndi pepala.

Ndikudziwa zimene mukuganiza: "Koma ine ndimangoika mwa apo ndi apo, ndidzamwa tsiku limene sindinaike." Taganizani bwino. Chifuwa chimakuthinani nthawi iti? Mukasenza katundu, mukakwera chitunda, mtima ukagwira ntchito yolemetsa. Ntchito ya kuchipinda ndi imodzi mwa zimenezo. Mwamwa la buluu, muli m'kati, chifuwa chagwira, dzanja lidzapita lokha pa kabotolo kali pa mutu pa bedi. Munthu amene wamwa sildenafil sayenera kulandira nitrate mpaka patadutsa maola 24. Amene wamwa tadalafil, yemwe amagulitsidwa ndi dzina la Cialis, ndi maola 48, poti ameneyo amakhalitsa m'magazi. Ndiye usiku umenewo mudzakhala ndi chifuwa chowawa, mankhwala ake ali pafupi, koma osawakhudza. Si malo oti munthu adziikemo dala.

Kwa ena onse owerenga, gwirani mawu awa. Ngati mwamwa piritsi lotere ndipo chifuwa chayamba kuwawa, siyani zimene mukuchita, khalani pansi, musaike kanthu pansi pa lilime, pezani galimoto ikufikitseni ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe kapena chipatala chimene chili pafupi. Mukafika nenani poyera zimene mwamwa ndi nthawi yake. Chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene timapereka kwa wodwala chifuwa chotere ndi nitrate. Ndikukumbukira bambo wina amene anabwera naye usiku, mkazi wake ali pambali atagwira chikwama. Tinafunsa kawiri ngati wamwa china chilichonse, anakana. Namwino wachikulire amene ndinali naye anaona m'mene bamboyo ankazembera maso, ndipo anatuma mayiwo kuti akalembetse khadi. Chitseko chitangotsekeka bambo uja ananong'ona, "Ndamwa awiri a buluu." Manyazi akanamutengera kumanda usiku umenewo.

Nanga inuyo muchite chiyani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bwererani kumene mumalandira mankhwala, kaya ndi ku kiliniki ya ku Mabvuku konko kapena kwa dokotala wanu, mutanyamula mapaketi onse, ndi a buluuwo omwe. Mukanene zinthu monga mwandilembera ine. Mukafotokoze kuti chifuwa chimathina kangati pa mwezi, mukamachita chiyani, ndipo ngati chayamba kubwera pafupipafupi kapena mutangokhala, musadikire tsiku la sikelo yanu, pitani lero. Akakujambuleni mtima ndi ECG, akayeze HbA1c imene imaonetsa m'mene shuga wakhalira pa miyezi itatu yapita, mafuta a m'magazi ndi impso. Kwa amene chilakolako chinatheratu timayezanso testosterone, homoni ya chimuna, ndipo magazi ake amatengedwa m'mawa. Funso limene dokotala adzakufunseni ndi lakuti, kodi mungakwere masitepe a nyumba yosanjikizana kawiri mofulumira, osabanika, chifuwa osawawa? Amene angathe zimenezo, mtima wake nthawi zambiri ungathenso za kuchipinda.

Pali nkhani ina yabwino m'kalata yanu. Mankhwala awiri mwa amene mumamwa, HCT ndi atenolol, amadziwika kuti amatha kufooketsa abambo ena. Alipo ena a BP, monga losartan, enalapril kapena amlodipine, amene sakonda kuchita zimenezo. Koma chonde musasiye nokha. Atenolol makamaka, kwa munthu wa chifuwa chothina, akasiyidwa mwadzidzidzi mtima umathamanga ndipo vuto lalikulu likhoza kugwa pasanathe masiku. Mwinanso dokotala anakupatsani ameneyo dala chifukwa cha mtima womwewo, ndiye kusintha kapena kusasintha n'kwa iye atakuonani. Ndaonapo abambo ambiri amene anazindikira okha kuti mapiritsi a BP akuwafooketsa, n'kuwataya mwakachetechete, n'kudzabwera ndi sitiroko. Akanangonena, tikanawasinthira.

Ngati mtima wanu utathandizidwa bwino mpaka dokotala wa mtima n'kuona kuti simukufunikanso nitrate, khomo la sildenafil likhoza kutseguka. Ngati nitrate akhalabe, njira zina zilipo zosalimbana naye. Pali kachipangizo kopopa mpweya kamene kamakokera magazi ku chida, n'kuikapo kamphira kumunsi, kamphirako osapitirira mphindi 30. Pali mankhwala otchedwa alprostadil amene munthu amaphunzitsidwa kudzibaya pa chida ndi kasingano kakang'ono. Ambiri akamva amatseka miyendo, koma amene anazolowera sadandaula. Zimenezi amayang'anira ndi madokotala a za njira ya mkodzo, ndipo kalata yokutumizani kumeneko mungaipemphe ku kiliniki.

Ndilankhuleko ndi amene mtima wawo uli bwino ndipo dokotala wawalembera, chifukwa ambiri amamwa molakwika n'kumati sagwira ntchito. Sildenafil amabwera pa milingo itatu: 25 mg, 50 mg ndi 100 mg. Ambiri timawayambitsa pa 50, okalamba ndi odwala impso kapena chiwindi pa 25. Amamwedwa kutatsala pafupifupi ola limodzi, ndipo mphamvu yake imakhala maola anayi kapena kuposerapo pang'ono. Kamodzi pa maola 24, osapitirira 100. Mukadya nsima ndi nyama yonona yowotcha, mankhwalawa amachedwa kulowa m'magazi, ndiye bambo amadikira, palibe chochitika, n'kumwa lachiwiri. Kulakwa kumeneko ndi kofala kwambiri. Tadalafil sasamala za chakudya. Wa 10 mg kapena 20 mg amatha kugwira mpaka maola 36, ndipo palinso wa 2.5 mg kapena 5 mg womwa tsiku lililonse; wa 5 mg amathandizanso abambo ovutika pokodza chifukwa cha kutupa kwa prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti piritsili silidzutsa chida palokha. Silibweretsa chilakolako. Limangothandiza mitsempha kuyankha pamene thupi ladzutsidwa kale ndi maso, manja ndi mawu a mnzanu. Amene amamwa n'kukhala pa mpando kudikira chozizwitsa akuonera mpira, adzagona nacho chokhumudwa. Ndiponso kulephera ulendo woyamba si mapeto, nkhawa ya tsiku loyamba ndi yaikulu. Timati munthu ayese kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu, masiku osiyana, pa mlingo woyenera, tisananene kuti akanika. Kwa odwala shuga sagwira bwino monga kwa ena, ndipo shuga akakhala wokwera ndiye mpang'ono pomwe.

Mnzanu wa awiri ndi mowa uja mumuuze kuti 200 mg siwonjezera mphamvu, imangowonjezera mutu ndi chizungulire. Mowa wambiri ndiwo umagonetsa chida, umatsitsanso BP pamodzi ndi piritsilo. Botolo limodzi silivuta, koma kireti ndi piritsi zimakokerana kosiyana.

Pali mankhwala ena ofunika kuwatchula kwa dokotala kapena ku pharmacy musanalandire. Amene amamwa doxazosin kapena tamsulosin chifukwa cha prostate ayambe ndi 25 mg, atazolowera kale mankhwala awowo, apo ayi adzagwa podzuka pa bedi. Amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, sildenafil amachuluka kwambiri m'magazi mwawo, kotero sayenera kupitirira 25 mg pa maola 48. ARV wotchedwa TLD amene ambiri akumwa masiku ano alibe vuto limeneli. Mankhwala olimbana ndi tizilombo monga erythromycin, clarithromycin ndi ketoconazole amakwezanso mlingo wake, pamene rifampicin wa TB amauchepetsa mpaka piritsi kukhala ngati losagwira. Amene wangodwala kumene sitiroko kapena mtima miyezi yapitayi, amene BP yake ndi yotsika kale pansi pa 90/50, ndi amene anasiyapo kuona diso limodzi chifukwa cha mitsempha, asamwe.

Zovuta zazing'ono zimachitika ndipo zimatha zokha: mutu, nkhope kutentha, mphuno kutsekeka, chilungulira, kuona zinthu ngati zapakidwa buluu kwa kanthawi. Tadalafil amatha kuwawitsa msana ndi minofu. Zothamangira nazo kuchipatala ndi izi: kusiya kuona kapena kumva mwadzidzidzi, kukomoka, kutupa milomo ndi lilime, ndi chida chokana kugona mpaka maola anayi. Chomalizachi anyamata amachiseka pa bawo, koma si chosekera. Magazi otsekeredwawo amatha mpweya, minofu imayamba kufa, ndipo amene wachedwa tsiku lonse chifukwa cha manyazi akhoza osadzadzukanso moyo wake wonse. Odwala matenda a magazi a sickle cell ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu.

Za mapiritsi a pamsika, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mtundu wa buluu ndi nambala 100 aliyense angadinde. Mwina muli sildenafil wokwanira, mwina wochepa, mwina woposa, mwina ufa wokhawokha, ndipo akhala padzuwa la Okutobala m'thumba la jekete kwa masabata angati? Muno mu Zimbabwe bungwe la MCAZ ndilo limalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Gulani ku pharmacy ya chiphaso, mankhwala ali m'paketi yake yolembedwa tsiku lothera mphamvu. Simufunika kufunafuna dzina la Viagra, sildenafil wa makampani ena ovomerezeka ndi yemweyo ndipo ndi wotsika mtengo.

Chimene chimandiopsa kwambiri kwa munthu ngati inu ndi zija amati "zachilengedwe": khofi wa abambo, uchi wa m'timapaketi, timabotolo ta pa WhatsApp. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zakudya ku America, lapeza mobwerezabwereza sildenafil ndi tadalafil wobisidwa m'zinthu zotere, osalembedwa pa chikuto. Munthu wa nitrate amapewa piritsi la buluu mwanzeru, n'kukamwa khofi ali ndi mankhwala omwewo. Gondolosi amene agogo athu ankatafuna, amene kuno amati mungurauwe, sindilimbana naye kwambiri, koma satsegula mtsempha umene shuga wauwononga. Za zitsamba zija amati guchu ndi vuka-vuka zosakanizidwa m'mabotolo osadziwika, impso za munthu wa shuga si zoyeserapo.

Mwafunsa za ukapolo. Mankhwalawa sali ngati fodya kapena mowa, thupi silimalira mukasiya, ndipo sawononga mphamvu yanu yachibadwa. Amene akuoneka kuti sangathenso popanda piritsi, kawirikawiri ndi matenda aja akupitirira pansi. Ukapolo umene ulipo ndi wa m'mutu, ndipo ndimauona mwa anyamata a zaka 25 opanda vuto lililonse, amene amamwa kuti akaonetse ukatswiri, kenako n'kuyamba kuopa kulowa kuchipinda opanda kanthu m'thumba. Kwa oterowo ndiwonjezere kuti piritsi siliteteza ku HIV, ku matenda opatsirana kapena ku mimba, kondomu ikadali pa ntchito yake.

Ntchito yanu ya pa msewu ndikuidziwa: tsiku lonse pa mpando, chakudya cha m'mbali mwa msewu, zakumwa zotsekemera zoti musagone pa chiwongolero. Ngati mumasuta, kusiya fodya ndi chinthu chimodzi chimene chingathandize mitsempha yanu kuposa china chilichonse. Kuyenda mofulumira mphindi 30 masiku ambiri pa sabata ndi kuchepetsa mimba kwabwezeretsa mphamvu mwa abambo ena popanda piritsi, koma inu muyambe dokotala atakuuzani mlingo umene mtima wanu ungapirire. Maola amene mumadikira mapepala pa malire aja, tsikani muzungulire lole m'malo mogona m'kati.

Tatsala ndi mayi a kunyumba. Zaka ziwiri akuona mwamuna wawo akutembenukira kukhoma, akuchedwa dala pa TV mpaka iwo atagona, ndipo palibe amene wawauza chifukwa. Mayi aliyense angaganize za wina wa panjira, makamaka mwamuna wake ali woyendetsa lole. Ndipo kukayikirana kumeneko kukuwonjezera vuto, chifukwa bambo akalowa kuchipinda ngati akulowa m'khoti, thupi limatulutsa adrenaline amene amafinya mitsempha yomwe imafunika kumasuka. Auzeni masana, osati pa bedi, kuti shuga ndi mtima zafika kumeneko. Aonetseni yankho lino ngati pakamwa pakulemera. Mpaka mtima utayezedwa, kugwirana, kusisitana ndi kucheza kwa awiri sikunaletsedwe, ndipo akazi ambiri amene ndalankhula nawo amati chimene ankasowa kwambiri ndi chimenecho.

Tsiku lopita kuchipatala mupite nawo limodzi. Iwo ndi amene adzakumbukire kuti chifuwa chinakuthinani kangati mwezi watha, ndiponso ayenera kudziwa kumene kabotolo ka pansi pa lilime kamakhala. Mapiritsi anayi aja mukawasiye pa tebulo la dokotala, musawabwezere kwa mnzanuyo, ndipo mumufunse ngati iye anayezetsapo BP chaka chino.